Gilayinda ikamazimitsa inveta: malangizo kwa amisiri ndi mabanja a ku Kayelekera

Mwakanikiza swichi ya gilayinda, disiki yangogwedezeka kamodzi n'kuima. Inveta yayamba kulira, kanyali kofiira kayaka. Pabokosi la invetayo analemba 1500W ndi manambala akuluakulu, pomwe pagilayindapo palembedwa 850W. Masamu akuoneka okwana, koma ntchito yaima. Ili ndi dandaulo la amisiri ambiri amene anagula sola kuti azidulira zitsulo, kuboola matabwa kapena kupopa madzi, ndipo ambiri amafulumira kunena kuti anawagulitsa katundu wachinyengo. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri vuto limagona pa sekondi yoyamba imene mota ikudzuka, ndipo sekondi imeneyo ndi imene muyenera kuiganizira pogula inveta, batire ndi mawaya.

Ku Kayelekera nkhaniyi si yachilendo. Derali lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 52 kumadzulo kwa boma la Karonga, mukapatuka mumsewu wa ku Chitipa. Ngakhale mgodi wa uranium umene kampani ya Paladin inatsegula mu 2009 unkayendera majenereta a dizilo, chifukwa nthambo za ESCOM sizinkafikako. Mgodiwo unaima mu 2014, kampani ya Lotus Resources inautenga mu 2020, ndipo mu 2025 unayambiranso ntchito. Kumene kuli anthu olandira malipiro kumafunika mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabedi, mabenchi ndi mashelefu a m'magolosale, choncho kalipentala ndi wowotcherera zitsulo amapeza chochita. Chimene chimawasowa ndi magetsi odalirika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. N'chifukwa chake mmisiri wakumudzi amayang'ana ku sola.

Tiyambe ndi motayo. Mota ikamazungulira imadzipangira yokha mphamvu ina yokankhira magetsi m'mbuyo, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imachepetsa magetsi olowa. Ikakhala chiimire, mphamvu yokankhayo kulibe, ndiye magetsi amalowa ochuluka zedi mpaka motayo itapeza liwiro lake. Amene anatsogolerapo ngolo yodzaza matumba a mpunga akudziwa kuti ng'ombe zimavutika kwambiri poidzutsa pamene yaima. Mateyala akangoyamba kugubuduka, zimayenda mopepukidwa. Nambala imene ili pachipangizo chanu imanena za nthawi yoyenda bwinoyo. Za podzuka sanena.

Mamota a zipangizo zathu ali m'magulu awiri, ndipo muyenera kudziwa gulu la chipangizo chilichonse chimene muli nacho. Gulu loyamba ndi la mamota okhala ndi makaboni, aja amaoneka timoto mkati mukasuzumira pa timipata ta mpweya, olira mokweza ndi mothamanga. Mmenemu muli gilayinda yapamanja, drill, macheka amagetsi ozungulira ndi puleni yamagetsi. Amenewa podzuka amakoka kawiri kapena katatu kuposa nambala yolembedwa, ndipo amatero kwa kanthawi kosakwana sekondi. Gilayinda ya 850W, ya disiki ya 115mm, ingafune pakati pa 1700W ndi 2500W pa kanthawi kameneko. Yaikulu ija ya disiki ya 230mm, imene imalembedwa 2000W kapena kuposerapo, ingafune 5000W kapena 6000W.

Gulu lachiwiri ndi la mamota opanda makaboni, olemera, ong'ung'udza pansipansi, amene nthawi zambiri amakhala ndi kapasita pambali. Muwapeza pa kompuresa, pampu ya madzi, filiji ndi gilayinda yapabenchi yonolera. Awa ndiwo ovuta kwenikweni: podzuka amakoka kasanu mpaka kasanu ndi kawiri, ndipo ngati akudzuka ali ndi katundu amatenga masekondi angapo asanapepuke. Pampu ya theka la hp, imene imangooneka yaing'ono, ingafune mphamvu yoyandikira 3000W podzuka. Kompuresa ya 2hp, yolembedwa 1500W, ingafune 8000W kapena kuposa. Ngati munaimapo pachigayo chamagetsi m'mawa akuchiyatsa, munamva mota ikuyamba ndi kulira kwina kenaka n'kusintha: pamakhala chipangizo chotchedwa star-delta, chimene ntchito yake ndi kuchepetsa kukoka koyambaku kuti nthambo ndi mafyuzi zisavutike. Vutoli ndi lomwelo kulikonse, kungoti inveta yanu yapakhomo ilibe nkhokwe yaikulu kumbuyo kwake ngati ya ESCOM.

Tsopano tengani invetayo muitembenuze, muwerenge kachikalata kamene kamamatidwa pansi kapena pambali, osati manambala okongola apabokosi. Inveta iliyonse ili ndi manambala awiri: mphamvu imene ingapereke mosalekeza, yolembedwa continuous kapena rated, ndi mphamvu ya kanthawi kochepa, yolembedwa peak kapena surge. Pa mainveta ambiri otsika mtengo nambala yaikulu yapabokosi ndi ya peak, ndipo yeniyeniyo ndi theka lake. Ndiye 1500W ija ingakhale 750W, yosakwana n'komwe kuyendetsa gilayinda ya 850W ngakhale itadzuka. Onaninso ngati alemba W kapena VA. Pa mainveta ambiri 1000VA ndi 800W, ndipo 3kVA ndi 2400W.

Peak nayonso ili ndi funso lake: kwa nthawi yaitali bwanji? Mainveta opepuka, amene mungawanyamule ndi dzanja limodzi, amapereka kawiri pa mphamvu yawo, koma ena amatero kwa kachigawo kakang'ono ka sekondi, kosakwana kudzutsa mota iliyonse. Olemera aja, okhala ndi transformer yaikulu mkati, ambiri amapirira katatu kwa masekondi angapo. Ine ndikamalangiza munthu wofuna kuyendetsa pampu kapena macheka ndimamuuza kuti anyamule invetayo ayese kulemera kwake. Kulemerako ndi mkuwa ndi chitsulo, ndipo pa ntchito ya mamota zimenezo n'zofunika. Ngati buku lake silinena masekondi a peak, werengerani nambala ya continuous yokha.

Pali nkhani inanso ya mtundu wa magetsi otuluka. Inveta ya pure sine wave imatulutsa magetsi osalala ofanana ndi a ESCOM, a 230V ndi 50Hz. Ya modified sine wave imatulutsa odumphadumpha. Gilayinda kapena drill wamba ya liwiro limodzi imayenda ndithu pa modified, ngakhale imatentha ndi kulira mosiyana. Koma pampu, filiji ndi kompuresa zimatentha kwambiri ndipo sizikhalitsa, pomwe zipangizo zosintha liwiro ndi matchaja a mabatire a zipangizo zingathe kupsa. Ngati ndalama zikulola inveta imodzi yokha, ikhale ya pure sine wave.

Lamulo lapafupi ndi ili: pa chipangizo cha makaboni, inveta ikhale ya continuous yoposa nambala ya chipangizocho pafupifupi kawiri; choncho gilayinda ya 850W ifuna inveta yeniyeni ya 1500W mpaka 2000W. Pa mota ya gulu lachiwiri, chulukitsani nambala yake kasanu ndi kamodzi, ndipo peak ya inveta ifike pamenepo kwa masekondi osachepera atatu.

Koma apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amasintha inveta, vuto n'kukhala lomwelo. Inveta siipanga magetsi. Imangosandutsa amene yatenga kubatire, ndipo kumbali ya 12V manambala ake ndi oopsa. Gilayinda ya 850W imakoka 4A yokha kumbali ya 230V. Kuti inveta ipereke zimenezo, iyenera kukoka pafupifupi 80A kubatire la 12V, ndipo pa sekondi yodzuka ingakoke 150A mpaka 200A. Magetsi ochuluka chotere sangadutse bwino m'kawaya kowonda kapena pa zopanira zija zimangoluma mitu ya batire.

Taonani masamu ake. Tiyerekeze kuti mwalumikiza inveta ndi waya wa 6mm², wotalika mamita awiri mbali iliyonse, kupita ndi kubwera mamita anayi. Pa 150A waya ameneyo yekha amadya pafupifupi 1.75V. Batire limene linali pa 12.4V nalonso limatsika likakokedwa mwamphamvu, tinene lafika pa 11.5V. Chotsani 1.75V ija, inveta ikulandira 9.75V. Mainveta ambiri a 12V amadzizimitsa akaona kuti magetsi atsika kufika cha m'ma 10.5V. Ndiye yazima, ngakhale ili yabwinobwino ndipo batire lili ndi moto. Mukaika waya wa 35mm² wotalika mita imodzi mbali iliyonse, kutayikako kumakhala 0.15V yokha, gilayinda n'kudzuka bwinobwino ndi inveta yomweyo.

Choncho inveta ikhale pafupi ndi batire, mawaya asapitirire mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Pa inveta ya 1000W ya 12V gwiritsani waya wa 35mm². Ya 2000W ifuna wa 70mm². Waya wa makina owotcherera ndi wabwino pa ntchitoyi chifukwa ndi wonenepa komanso wofewa. Pogula, palani kaulusi kamodzi ndi mpeni. Kakaoneka koyera mkati, ameneyo ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba, ndipo sanyamula magetsi ofanana ndi mkuwa weniweni. Kumapeto kwa waya kukhale tizitsulo toboola tomangira ndi bawuti, tofinyidwa bwino. Mitu ya batire ikhale yoyera, yopanda fumbi loyera kapena lobiriwira lija. Ndipo pa waya wa pozitivi, pafupi penipeni ndi batire, ikani fyuzi ya DC ya saizi imene buku la inveta likunena. Pa 1000W ya 12V imakhala cha m'ma 125A mpaka 150A. Popanda fyuzi, mawaya awiriwo akakhudzana amafiira m'masekondi ochepa, ndipo nyumba ya denga la udzu ingapse musanapeze sipanala yomasulira.

Mungathe kudziwa kumene kuli vuto musanaononge ndalama, ngati mutabwereka malitimita ndi kupeza wokuthandizani. Ikani mita pa DC, mugwirize pamitu ya batire, mnzanu ayatse gilayinda inu maso ali pamanambala. Akatsika kufika pansi pa 11V, batire latopa, silinatchajidwe mokwanira kapena ndi laling'ono. Akakhala pamwamba, yesaninso pamene mawaya alowera mu inveta. Mukapeza kusiyana koposa theka la volt pakati pa malo awiriwo, vuto ndi mawaya kapena polumikiza. Zimitsani, mukhudze malo onse olumikiza, potentha ndi pamene pali vuto. Ngati konsekonse manambala ali bwino koma inveta ikuzimabe, ndiye kuti yachepadi. Mainveta ambiri amasonyezanso okha: low battery akuloza kubatire ndi mawaya, overload akuloza ku invetayo.

Batire nalo lili ndi malire. La 100Ah pa 12V limasunga 1200Wh papepala, koma la asidi kapena la gel mukufuna likhalitse musamalitsitse kupitirira theka. Komanso likamakokedwa 80A limapereka zochepa kuposa zolembedwa, moti gilayinda yodula mosalekeza ingamalize gawo lanulo m'mphindi pafupifupi 20. Mwayi wake ndi woti kudula kumakhala kwa apo ndi apo. Batire la galimoto limadzutsa mota bwino chifukwa ndiyo ntchito imene analipangira, koma mukamalitsitsa tsiku ndi tsiku silikhalitsa. La lithium lili ndi kachipangizo koteteza mkati kotchedwa BMS, ndipo pa ambiri a 100Ah kamadula magetsi akapitirira 100A kwa masekondi angapo. Zikatero chilichonse chimazima zii, ngakhale kanyali ka inveta. Funsani nambala ya BMS musanagule.

Njira yokhalitsa kwa amene akufuna kudyera ntchitoyi ndi kuchoka pa 12V. Mabatire awiri ofanana, a msinkhu umodzi, olumikizidwa motsatizana amapereka 24V, ndipo magetsi odutsa m'mawaya amatsika ndi theka: 80A ija imakhala 40A. Pa 48V imakhala 20A. Pamafunika inveta ya 24V kapena 48V ndi kontirola yogwirizana nayo. Kwa ine, inveta yoposa 1500W pa 12V ndi kudzivutitsa chabe.

Pali zizolowezi zingapo zosalira ndalama zimene zimachepetsa kukoka koyamba. Yatsani chipangizo chili m'malere, chisanakhudze chitsulo kapena thabwa, mudikire chifike pa liwiro lake, kenaka muyambe kudula pang'onopang'ono. Musakanikize mpaka kulira kwa mota kutsike, chifukwa mota yotsala pang'ono kuima imakoka ngati ikudzuka kumene. Mpeni wa macheka wobuntha ndi thabwa laliwisi zimachita chimodzimodzi. Disiki yopyapyala ya 1mm imadula ndi mphamvu yochepa kuposa yonenepa. Yatsani chipangizo chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo kumbukirani filiji: imadziyatsa yokha nthawi imene yafuna, ndipo ikadzuka inu muli pakati podula, zonse zimazima. Itulutseni papulagi kwa ola limene mukugwira ntchito, chitseko chake chikhale chotseka. Ngati inveta ili ndi batani la power save kapena eco, lizimitseni, popeza limagonetsa inveta ndipo imachedwa kuyankha. Ekisitenshoni ikhale ya waya wa 2.5mm² ngati ndi yaitali, ndipo muitambasule yonse, isakhale yokulungidwa. Ntchito yolemera ichitike kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, pamene mapanelo akuthandiza batire. M'mawa kwambiri batire limakhala litagwira kale ntchito usiku wonse.

Pa kompuresa mvetserani ikamazima yokha: iyenera kutulutsa kampweya kuti psii. Imeneyo ndi valavu yochotsa mpweya pamutu pa pisitoni kuti mota idzadzuke yopepuka. Kaphokosoko kakasowa, valavu yafa, ndipo motayo izidzuka ikulimbana ndi mpweya. Muziizimitsira pa batani lake, osati kuzula pulagi. Kutsegula kampopi ka pansi pa thanki musanayatse kumathandizanso.

Ngati mukugula chipangizo chatsopano, funani cholembedwa soft start. Magilayinda ambiri akuluakulu ndi macheka ena amabwera nacho: amadzuka pang'onopang'ono m'masekondi awiri kapena atatu, ndipo kukoka koyamba kumatsika kwambiri. Palinso tizipangizo ta soft start togulitsidwa patokha, koma ta zipangizo za makaboni sitigwira pa pampu kapena kompuresa, ndipo sitiyenera kuikidwa pa chipangizo chosintha liwiro. Pa madzi, pampu ya DC yolumikiza ku mapanelo kudzera mu kontirola yake imachotseratu vutoli. Ndipo kwa kalipentala amene ntchito yake yambiri ndi kuboola, kumanga masikuluu ndi kudula matabwa opyapyala, ndimaona kuti zipangizo zoyendera batire la 18V kapena 20V, za Makita, Bosch, Ingco kapena Total, zimaposa kugula inveta yaikulu. Batire la 18V ndi 5Ah limasunga 90Wh, ndipo tchaja yake imakoka mphamvu yochepa mosadumpha, imene inveta yaing'ono ya pure sine wave ya 300W imakwanitsa. Mukakhala ndi mabatire awiri, lina likugwira ntchito lina lili patchaja.

Kuwotcherera ndi nkhani ina. Makina akale olemera a transformer musawayese n'komwe pa inveta yapakhomo. Makina atsopano opepuka amalembedwa inverter pambali, koma zimenezo zikunena za mmene anawapangira mkati, sizikutanthauza kuti angayendere sola yanu. Ndi ndodo ya 2.5mm amafuna pafupifupi 3000W, ndi ya 3.2mm amafika cha m'ma 4000W, ndipo amakoka modzidzimutsa nthawi iliyonse ndodo ikagunda chitsulo. Pamafunika inveta ya 5kVA pa 48V ndi mabatire okwanira, kapena jenereta ya 5kVA kupita m'mwamba. Kwa ambiri zimakhala bwino kudulira ndi kuboolera pa sola sabata yonse, n'kusonkhanitsa zowotcherera zonse tsiku limodzi pa jenereta.

Kutentha kwa ku Karonga nako kuli ndi gawo lake. Manambala a inveta amayezedwa pamalo ozizirira, nthawi zambiri pa 25°C, ndipo mu Okutobala ndi Novembala, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, inveta imapereka mphamvu yocheperapo n'kuzima msanga. Ikhale pamthunzi, podutsa mpweya, yotalikirana ndi khoma kumbali ya fani. Isakhale m'chipinda chimene mukuduliramo: fumbi la chitsulo likakokedwa ndi fani limakagwera pa bolodi n'kuchititsa shoti, ndipo utuchi umatseka timipata ta mpweya. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi timoto ta gilayinda, choncho pakati pa batire ndi malo odulira pakhale khoma.

Chinthu china chimene chavulaza anthu n'chakuti magilayinda ambiri ali ndi swichi yokhazikika ikakankhidwa. Inveta ikazima, munthu amaika gilayinda pansi kapena pabenchi swichi idakali yoyatsa, n'kupita kukadzutsa inveta. Magetsi akangobwera, gilayinda ija imalumpha yokha. Inveta ikazima, choyamba zimitsani chipangizo ndi kuzula pulagi. Ndipo ikazima kawiri motsatizana pa chipangizo chomwecho, lekani. Kuikakamiza mobwerezabwereza kumaotcha tizipangizo totchedwa MOSFET mkati mwake, ndiye ulendo wopita nayo ku Karonga kapena ku Mzuzu kukafuna wokonza.

Magetsi a 230V ochokera mu inveta amapha mofanana ndi a ESCOM. Bokosi la inveta lilumikizidwe ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka, ndipo kumene magetsi akutulukira kukhale swichi yoteteza yotchedwa RCD ya 30mA, yoikidwa ndi kuyesedwa ndi munthu wodziwa, chifukwa pa mainveta ena siigwira ngati nyutirolo sanalumikizidwe moyenera. Ngati nyumba yanu ili ndi magetsi a ESCOM, musalowetse inveta m'soketi ya pakhoma ndi waya wa mapulagi awiri. Magetsiwo amabwerera m'nthambo n'kupha wogwira ntchito pa polo, ndipo a ESCOM akabwera inveta imapsa. Pamafunika swichi ya changeover, yoikidwa ndi mmisiri wa chiphaso cha MERA.

Tsiku logula, lembani papepala nambala ya W ndi ya A ya chipangizo chilichonse, ndipo chimene chili chovuta kudzuka pa zonse munyamule m'chikwama. Kaya mukugula ku Karonga, ku Mzuzu kapena kwa amene amaoda katundu kudzera pamalire a Songwe, pemphani kuti alumikize invetayo ku batire lofanana ndi lanu, ndi mawaya amene mudzagwiritse ntchito, muyatse chipangizocho kangapo, mudulenso kachitsulo pomwepo. Akakana kuyesa, pitani pa shopu ina. Akavomera ndipo yayenda, alembe pa lisiti dzina la inveta, nambala yake ya continuous ndi miyezi ya waranti.